Osaka nkhandwe akufuna kubwera ndi agalu awo kusukulu ya pulaimale ku England: makolo tingakane bwanji?

Nachisale

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa malamulo a sukulu za ku England. Sukulu ina ya boma ya pulaimale, kudera la kumidzi, yalembera makolo kalata yoti mwezi wamawa gulu la osaka nkhandwe la m'deralo lidzabwera ndi agalu awo komanso mahatchi awiri. Akuti ana adzasisita agalu, adzamvera lipenga la mlenje, kenako adzalandira timabuku tonena za "moyo wa kumidzi". M'kalatamo mawu oti nkhandwe mulibe n'komwe. Makolo angapo sitikugwirizana nazo. Kodi kusaka nkhandwe sikunaletsedwe kale, nanga maguluwa akupezekabe bwanji? Kodi lilipo lamulo loletsa sukulu kukopa ana ndi zinthu zotere? Ndipo tikafuna kukana, tiyambire kwa ndani, tilembe zotani, kuti asatiyankhe kuti tangotengeka mtima?

A Mbewe

Mayi Nachisale, ndiyankhe funso loyambalo, chifukwa mukalakwitsa pamenepo zina zonse sadzazimvera.

Lamulo lake ndi Hunting Act 2004, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 18 Febuluwale 2005 ku England ndi ku Wales. Limaletsa kusaka ndi agalu nyama zakutchire zoyamwitsa monga nkhandwe, agwape, mink (kanyama kokhala m'mbali mwa mitsinje) ndi akalulu akuluakulu a miyendo yaitali aja amene sakhala m'mauna. Koma silinathetse maguluwo. Kuweta agalu osaka, kuvala jekete lofiira, kukwera hatchi ndi kuliza lipenga si mlandu. Mlandu ndi kulondola mwadala nyama yamoyo ndi agalu. Choncho musalembe kuti "gulu ili ndi loletsedwa". Zimenezo si zoona, ndipo ahedi adzangogwira mawu amenewo n'kutaya kalata yonse.

Lamuloli lili ndi mipata. Makoswe ndi akalulu a m'mauna amaloledwa kusakidwa. Munthu angagwiritse ntchito agalu osapitirira awiri kuvumbulutsa nkhandwe pathengo kuti iwomberedwe ndi mfuti nthawi yomweyo, ngati akuteteza ziweto kapena mbewu ndipo mwini malo wavomera. Galu mmodzi wamng'ono, kawirikawiri wa mtundu wa terrier, angalowetsedwe m'una, koma pokhapokha poteteza mbalame zosungidwira kuwombera, osati ana a nkhosa. Palinso mpata wovumbulutsira nyama kuti igwidwe ndi mbalame yolusa, n'chifukwa chake magulu ena anayamba kuyenda ndi kadzidzi wamkulu kapena chiwombankhanga. Chilango ndi chindapusa, osati ndende. Poyamba sichinkapitirira mapaundi 5,000, koma kuyambira 2015 chilibe malire, ndipo khoti lingalande agalu ndi galimoto.

Zimene magulu ambiri amanena kuti akuchita masiku ano amazitcha trail hunting. Munthu amatsogola akukoka pansi chiguduli chonyikidwa mu fungo la nyama, kawirikawiri lochokera ku mkodzo wa nkhandwe, agalu n'kumalondola. Taonani pamene pagona vuto. Agalu 30 kapena 40 ozolowera fungo la nkhandwe amamasulidwa m'nkhalango momwe nkhandwe zimakhala, ndipo wowatsogolera kawirikawiri sauzidwa kumene chiguduli chadutsa. Akamva fungo la nkhandwe yeniyeni amalitsata, ikagwidwa eni ake amati ndi ngozi. Kukhoti woimba mlandu ayenera kusonyeza kuti anachita dala, ndipo milandu yambiri imafera pomwepo. Izi n'zosiyana ndi drag hunting, yomwe inalipo lamulo lisanabwere. Imeneyo fungo lake ndi lochita kupanga, njira imadziwikiratu, ndipo imadutsa poyera kuti mahatchi athamange ndi kudumpha mipanda. Alipo enanso amene agalu awo a bloodhound amalondola munthu wothamanga. Choyamba fufuzani kuti gulu limene likubweralo ndi liti mwa atatuwa. Ngati ndi la drag hunting kapena la bloodhound, mfundo zanu zambiri sizigwira.

Dziwaninso kuti nkhani ya trail hunting sinathe. Mamembala a National Trust, bungwe losamalira malo a mbiri ndi zachilengedwe, anavota mu Okutobala 2021 kuti isamachitikenso pamalo a bungwelo, ndipo akuluakulu ake anatsatira. Natural Resources Wales, nthambi ya boma yoyang'anira zachilengedwe ku Wales, inachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Ku Scotland, lamulo la Hunting with Dogs (Scotland) Act 2023 linailetseratu. Chipani cha Labour chinalonjeza pa chisankho cha 2024 kuti chidzailetsa. Ku Northern Ireland, aphungu anakana bilu yoletsa kusaka ndi agalu mu Disembala 2021. Zonsezi zisungeni, zikuthandizani pa funso lanu lachiwiri.

Naphiri

Achemwali, zimene anena a Mbewe kumapetoko ndiye pogwirira panu. Palibe lamulo lotchula kuti osaka nkhandwe asalowe pasukulu. Lomwe lilipo ndi loletsa sukulu kukondera pa nkhani za ndale, ndipo limakwana bwino.

Kwa sukulu zoyendetsedwa ndi khonsolo, onani Education Act 1996. Gawo 406 limaletsa kulimbikitsa maganizo a mbali imodzi pa ndale pophunzitsa phunziro lililonse. Gawo 407 limati nkhani ya ndale ikaperekedwa kwa ana, kaya m'kalasi kaya pa zochitika zina zokonzedwa ndi sukulu, ana amve mbali zotsutsana mosakondera. Ma academy (sukulu za boma zosayendetsedwa ndi khonsolo) ndi sukulu zolipira amamangidwa ndi mfundo zofanana kudzera mu Education (Independent School Standards) Regulations 2014. Unduna wa zamaphunziro, Department for Education, unatulutsanso malangizo otchedwa Political impartiality in schools mu Febuluwale 2022. Malangizowo amanena momveka kuti sukulu ikaitana alendo udindo umakhalabe wa sukulu, ndipo iyenera kuona zimene alendowo adzanene ndi kugawa tsiku lisanafike.

Ahedi angayankhe kuti "iyi si ndale, ndi chikhalidwe cha kuno". Yankho lanu likhale la zaka ndi manambala. Mu Seputembala 2002 anthu pafupifupi 400,000 anaguba ku London motsogozedwa ndi Countryside Alliance, bungwe loikira kumbuyo kusaka ndi moyo wa kumidzi, ambiri pokana kuletsedwa kwa kusakaku. Mu 2004 lamulo linadutsa pogwiritsa ntchito Parliament Acts, malamulo olola aphungu kudutsitsa bilu paokha, chifukwa House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo, inkalikana. Mu Julaye 2015 boma linafuna kulifewetsa koma voti inaimitsidwa. Mu 2024 nkhaniyi inali m'malonjezo a chipani pa chisankho. Chinthu chimene zipani zikukanganabe kuti chiletsedwe kapena ayi ndi ndale basi.

Tsopano kachitidwe kake. Musayambe ndi dandaulo, yambani ndi mafunso olembedwa kwa ahedi, pa imelo kuti tsiku lidziwike. Funsani dzina la gulu ndi mtundu wa kusaka kumene limachita. Funsani kuti anayambitsa ndani, sukulu kapena gululo. Pemphani kuona timabuku tija ndi zithunzi zimene adzaonetse. Funsani kuti ulendowu ukulowa m'phunziro liti, ana a zaka zingati, ndipo mbali yotsutsa ana adzaimva liti, kuchokera kwa ndani. Pemphani pepala lounika ngozi, limene amalitcha risk assessment. Pomaliza funsani ngati alendowo adzaloledwa kujambula ana kapena kuwaitanira ku zochitika zawo. Tchulani tsiku limene mukufuna yankho, mwina masiku asanu a sukulu, poti ulendo wayandikira.

Nthawi zambiri zinthu zimasintha pa mafunso omwewa, chifukwa ahedi amazindikira kuti timabuku sanatiwerenge ndipo mbali inayo sanaikonzere. Akakana kukuonetsani mapepala, sukulu za khonsolo ndi ma academy amamangidwa ndi Freedom of Information Act 2000, lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha kuona zolembedwa za mabungwe a boma. Ayenera kuyankha pasanathe masiku 20 a sukulu, kapena masiku 60 a ntchito ngati amenewo ndiwo afulumire kukwana. Njira imeneyi ndi yochedwa, yankho lingathe kubwera ulendo utachitika kale, ndiye ikhale yachiwiri. Sukulu zolipira sizili pansi pa lamulo limeneli.

Yankho likakhala losakhutiritsa, lembani dandaulo motsatira ndondomeko ya sukuluyo. Gawo 29 la Education Act 2002 limalamula sukulu za khonsolo kukhala ndi ndondomeko ya madandaulo, ndipo imapezeka pa webusaiti yawo. Mwachizolowezi dandaulo limapita kwa ahedi, kenako ku kagulu ka mamembala a komiti yoyang'anira sukulu, ma governor. Ngati wodandaulidwa ndi ahedi eni ake, limapita kwa wapampando wa komitiyo. Ku academy kagulu komvetsera kamakhala ka anthu osachepera atatu amene sanakhudzidwe ndi nkhaniyo, mmodzi wa iwo wosakhala m'gulu loyendetsa sukulu, ndipo kholo limaloledwa kubwera ndi womuperekeza. Zonsezi zikatha m'pamene mungapite ku Department for Education.

Apa ndi pamene makolo ambiri amadziwonongera. Wina amatumiza imelo imodzi kwa ma governor onse, osadziwa kuti governor amene wamva kale nkhani sangakhalenso m'kagulu komvetsera. Wina amathamangira ku Ofsted, nthambi ya boma yoyendera sukulu, yomwe siweruza dandaulo la kholo pa chochitika chimodzi ngati ichi. Wina amalemba pa Facebook dzina la mphunzitsi, nkhani n'kusanduka ya khalidwe la kholo m'malo mwa ulendo wa agalu. Ndipo ambiri amalemba masamba anayi a mkwiyo osanena chimene akufuna. Nenani chinthu chimodzi chotheka: ulendo uimitsidwe, kapena timabuku tisagawidwe ndipo mbali inayo ipatsidwe nthawi yofanana. Kholo lililonse lilembe kalata yake m'mawu ake. Makalata asanu osiyana amalemera kuposa pepala limodzi la masiginecha.

Chenjezo limodzi. Malangizo a 2022 aja salamula kuti mbali zonse zimveke tsiku limodzi. Sukulu inganene kuti idzaitana a RSPCA kapena a League Against Cruel Sports, mabungwe oteteza nyama otsutsa kusakaku, teremu yamawa. Ikatero, pemphani tsiku lenileni lolembedwa. Koma nenaninso zoona: mwana wa zaka 6 amene wakumbatira galu wofewa makutu, wakwezedwa pafupi ndi hatchi, waliza lipenga, simungamulinganizire zimenezo ndi munthu wodzaima kutsogolo ndi mapepala patapita miyezi itatu. Kwa ana aang'ono chikoka chimakhala m'manja ndi m'maso, osati m'mfundo. N'chifukwa chake ine ndimati kupulaimale ulendo wotere usachitike n'komwe.

A Jere

Ndiwonjezere za zimene zimalembedwa m'timabuku totere, ndi za agaluwo.

Mfundo yoyamba imene amakonda ndi yoti kusaka kumachepetsa nkhandwe ndi kuteteza alimi. Kafukufuku amene boma linapatsa Lord Burns, yemwe lipoti lake linatuluka mu Juni 2000, anapeza kuti magulu olembetsedwa ankapha nkhandwe pakati pa 21,000 ndi 25,000 pachaka, gawo lochepa poyerekeza ndi zonse zimene zimafa. M'madera a m'zigwa kusaka ndi agalu kunalibe mphamvu yeniyeni pa chiwerengero chake. Lipotilo linavomereza kuti m'madera a mapiri, monga mbali zina za Wales, agalu ankathandiza kwambiri. Mfundo imeneyo musaibise, ingonenani kuti lamulo linasiya mpata wa agalu awiri ndi mfuti. Mu 2001, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto atabuka, kusaka kunaimitsidwa kwa miyezi yambiri. Akatswiri a ku University of Bristol anayerekeza chiwerengero cha nkhandwe isanafike ndi itapita nthawiyo, ndipo zimene anasindikiza m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2002 zinasonyeza kuti sichinasinthe kwenikweni. Chifukwa chake n'chosavuta. Nkhandwe imakhala ndi dera lake. Zimakwerana m'nyengo yozizira, bere limatenga pafupifupi masiku 52, ana anayi kapena asanu amabadwa mu Malichi kapena Epulo, ndipo chakumapeto kwa chaka amabalalika kukafuna malo. Mukapha mwini dera, ina yaing'ono imalowamo posachedwa. Chimene chimaika malire ndi chakudya ndi malo.

Ngati gulu likunena kuti limangolondola chiguduli, nanga timabuku take tikunenanji za kuchepetsa nkhandwe? Zinthu ziwirizi sizingakhale zoona pamodzi, ndipo funso limeneli mulifunse ndithu.

Mfundo yachiwiri ndi yoti nkhandwe imafa msanga osamva kuwawa. Lipoti la Burns lomwelo linanena kuti kusaka ndi agalu kumasokoneza kwambiri umoyo wa nkhandwe, makamaka ikathawira m'una n'kuyamba kukumbidwa. Agalu osakawa anawetedwa kuti akhale opirira, osati aliwiro, choncho amailemetsa nyamayo poithamangitsa. Zimene ana sauzidwa ndi ntchito ya anthu a ma terrier, amene kale ankatseka mauna usiku kuti nkhandwe isapeze pothawira, ndipo ikalowa pansi ankalowetsa galu ndi kukumba ndi mafosholo. Sauzidwanso za kusaka kwa m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, nyengo yeniyeni isanatsegulidwe kumayambiriro a Novembala, pamene agalu atsopano ankaphunzitsidwa pa ana a nkhandwe a chaka chomwecho, m'mamawa, okwera mahatchi atazungulira thengo. Panalinso mwambo wakale wopaka magazi a nkhandwe pankhope ya mwana amene waona kuphedwa kwake koyamba. Musanene kuti gulu limene likubweralo limachita zimenezi ngati mulibe umboni. Nenani kuti ndi mbali ya mbiri ya masewerawa, ndipo kuonetsa ana jekete ndi lipenga n'kubisa zinazo si kuphunzitsa mbiri.

Agaluwo ndi ofatsa kwa anthu, zimenezo n'zoona. Koma lipoti lomwe lija linanenanso kuti ambiri ankaphedwa akagwira ntchito zaka 6 kapena 7. Mwana akafunsa kuti galuyu akakalamba adzapita kuti, adzayankhidwa chiyani?

Pa za umoyo, apa ndi pomwe pepala lounika ngozi lija limafunikira. Makola ambiri a agalu osaka amadyetsa nyama yaiwisi ya ziweto zofera m'mafamu. Kadyetsedwe kameneka kangapatse agalu njoka za m'mimba za mtundu wa Echinococcus, zomwe mazira ake amatuluka m'ndowe n'kumamatira ku ubweya. Munthu akameza mazira a mtundu wina wa njokazi zimamera zotupa zamadzi m'chiwindi kapena m'mapapo. M'zaka za 2016 ndi 2017 gulu lina la kummwera kwa England linapezeka ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe m'khola lake, ndipo agalu 97 anaphedwa. Ndiye funsani kuti agalu amadya chiyani, anamwa liti mankhwala a njoka okhala ndi praziquantel, adzabwera angati ndipo adzawagwira ndani, ndowe pabwalo losewerera adzachotsa ndani, ndipo gululo lili ndi inshuwalansi yotani. Ana asambe m'manja ndi sopo pa madzi oyenda asanadye. Mankhwala opaka m'manja aja salowa m'malo mwa kusamba pambuyo pogwira nyama. Ana odwala mphumu, a ziwengo, ndi oopa agalu akonzeredwe malo awo. Mahatchi akhale kuseri kwa chotchinga, mwana asadutse kumbuyo kwake.

A Tembo

Ndikugwirizana ndi anzangawa kuti sukulu isakhale malo okopera ana, koma pali chimene ndikusiyana nawo pang'ono. M'sukulu ya kumidzi ku England mungapezeke ana amene bambo awo amasamalira agalu kukhola, kapena amayi awo amakwera nawo mahatchi pa 26 Disembala, tsiku limene maguluwa amasonkhana kwambiri. Ana ambiri okwera timahatchi amalowera ku Pony Club, yomwe inayamba mu 1929 ndipo nthambi zake zambiri zinkatengera mayina a magulu osakawa. Kalata yanu ikanena kuti osaka onse ndi ankhanza, mawa mawu amenewo adzagwera mwana wa zaka 8 pabwalo. Dandaulo liloze pa chisankho cha sukulu, osati pa mabanja.

Komanso musapemphe kuti nkhani ya kusaka isatchulidwe m'kalasi. Kusekondale, m'phunziro la citizenship, lonena za udindo wa nzika, ndi chitsanzo chabwino cha mmene lamulo limapangidwira, mmene nyumba ziwiri za malamulo zimakanganirana, ndi mmene Scotland imakhalira ndi lamulo losiyana ndi England. Wophunzira wa zaka 14 angawerenge mfundo za Countryside Alliance ndi za League Against Cruel Sports n'kuziyesa yekha. Chimene tikukana ndi kupereka bwalo kwa mbali imodzi pamaso pa ana amene sangathe kufunsa mafunso. Muyezo womwewo ugwirenso mbali yathu: bungwe lotsutsa kusaka likabwera lokha ndi zithunzi za nkhandwe zokhadzulidwa kudzaonetsa ana aang'ono, pamenepanso sukulu yaphwanya gawo 407.

Ngati ahedi akufunadi kuti ana adziwe moyo wa kumidzi, apatseni njira ina m'kalata momwemo. Mlimi wa nkhosa angabwere ndi galu wake woweta nkhosa n'kufotokoza mmene amatetezera ana a nkhosa. A bungwe loteteza zachilengedwe la Wildlife Trust la m'deralo angaphunzitse ana kuzindikira mapazi a nkhandwe ndi kutchera kamera ya usiku kumpanda wa sukulu. Ahedi amavomera msanga akaona potulukira mopanda manyazi.

Nachisale

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Tafufuza, gululo ndi la trail hunting. Funso lotsiriza: ulendowu ukapitirirabe, kodi kholo lingangomusunga mwana kunyumba tsikulo?

Naphiri

Ayi achemwali, musatero. Ku England ufulu wochotsa mwana m'phunziro uli pa maphunziro a chipembedzo, mapemphero a sukulu ndi mbali ya maphunziro a zogonana basi. Pa chochitika ngati ichi, cha pasukulu pomwe ndiponso m'maola a sukulu, sakakamizidwa n'komwe kupempha chilolezo chanu. Mwana akajomba adzalembedwa kuti wajomba popanda chilolezo, ndipo tsiku limodzi limawerengedwa magawo awiri, m'mawa ndi masana. Kuyambira Ogasiti 2024, magawo 10 otere m'masabata 10 a sukulu amachititsa kuti aganizire chindapusa cha mapaundi 80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense, chomwe chimakwera kufika 160 mukapanda kulipira pasanathe masiku 21. Tsiku limodzi lokha silingakufikitseni pamenepo, koma limawonjezera pa ena, ndiponso limachotsa ana a makolo otsutsa n'kusiya ulendo ukuoneka ngati aliyense anaukonda.

Chitani izi. Lemberani ahedi kuti mwana abwera kusukulu monga mwa masiku onse, koma mukupempha kuti pa ola la ulendowo apatsidwe ntchito ina m'laibulale kapena m'kalasi ina, ndi munthu womuyang'anira. Pempho lotere ahedi ali ndi mphamvu yolivomera, ndipo makolo angapo akapempha pamodzi zimavuta kukana. M'kalata yomweyo nenani kuti simukulola kuti mwana wanu ajambulidwe ndi alendowo kapena kuti chithunzi chake chiperekedwe kwa iwo, ndipo onaninso fomu ya zithunzi imene munasaina chaka chikuyamba, chifukwa chilolezo chimenecho mungachibweze nthawi iliyonse. Pemphani kuti timabuku, ngati tigawidwebe, tiikidwe mu envulopu yopita kwa makolo m'malo mopatsa ana m'manja. Mukalandira kanu, kasungeni pamodzi ndi kalata yoyamba ija ndi mayankho onse a ahedi. Sukulu zambiri zimalandira dandaulo mpaka miyezi itatu chichitikireni chinthucho, ndiye ngakhale agalu atabwera n'kupita, mungathe kupempha ma governor kuti akhazikitse ndondomeko yolembedwa ya alendo odzalankhula ndi ana, yonena kuti zogawa zawo ziziunikidwa ndi ndani komanso makolo azidziwitsidwa masiku angati tsikulo lisanafike.